Mpando Umene Ndinasiyira Ankhoswe

Ku Doha ndinapita ngati dalaivala. Ndikuyamba ndi mawu amenewa chifukwa kuno ku Mchinji kuli anthu amene akufuna kuti ngakhale ine mwini ndiiwale. Ndinayendetsa minibasi pa msewu wa Lilongwe mpaka ku boda kwa zaka zambiri osagunda ngakhale mbuzi, ndipo amayi a geni ankadikirira dala yanga chifukwa mazira awo ankafika athunthu.

Amene anandikopa kuti ndipite anali a Mbewe, malume anga a patali, amenenso anali ankhoswe a banja langa. Ndiwo anakandifunsirira mbeta kwawo kwa mayi a Tadala, ndiwonso ankatikhazika pansi tikayambana. Iwo anali atatsogola kale ku Qatar, ndiye akaimba foni nkhani inali imodzimodzi.

"Mphwanga, kuno madalaivala akusowa. Misewu yake yosalala, yopanda ndi dzenje lomwe. Iwe ukuchedwa chiyani?"

Nditafika, a kampani anandipatsa yunifolomu ya alonda, nsapato zolemera ndi kawayilesi ka m'chiuno. Ndinayang'ana a Mbewe. Iwonso anali atavala zomwezo.

"Aliyense amayambira pamenepa," anatero. "Ukalowa m'kati zimasintha. Inshala, Mulungu akalola."

Sindinganame, munthu uja anandisamala. Kukampu ya antchito tinkagona chipinda chimodzi, iwo bedi la pansi, ine la pamwamba. Anandiphunzitsa kukwera sitima ya pansi pa nthaka, kumwa madzi ndisanamve ludzu, ndi kuyankha mabwana kuti "mafi mushikila", kutanthauza kuti palibe vuto, ngakhale vutolo lilipo lodzaza dengu. Thukuta litanditulutsa zidzolo msana wonse, ankandipaka mankhwala ndi manja awo. Anandibwerekanso juzi, chifukwa m'hotelo imene tinkalondera ku West Bay munkazizira ngati m'firiji pamene panja phula likufewa. Ndikaimbira mayi a Tadala ndinkawauza kuti asadandaule, ndili m'manja mwa ankhoswe.

Chaka changa chachiwiri chikuyamba, m'chipinda cholandirira alendo cha hotelo ija anabweretsa galimoto ya mpikisano. Eni hotelo anali pa ubale ndi gulu lina la othamangitsa magalimoto, ndiye anaiika pakati penipeni, n'kuizunguliza ndi zingwe zofiira, kumbuyo kwake n'kupachika TV yaikulu. Ntchito yanga inakhala kuima pambali pake ndi kuuza anthu kuti ajambule koma asakhudze. Munthu amene ndinkanyamula anthu ndi katundu wawo, tsopano ndinkalondera galimoto yoima.

Poyamba ndinkainyoza. Galimoto yanji ya mpando umodzi, yopanda denga, yopanda ngakhale poika thumba la mbatata? Matayala ake anali panja pa thupi, akuluakulu, osalala ngati otha. Inali yogona pansi moti pa bampu ya pa Namitete ikanasiya mimba yonse pomwepo. Kutsogolo inali ndi mapiko, kumbuyo chimapiko china, pamwamba pa mutu wa dalaivala chitsulo chopindika. Chiwongolero chake chinali chaching'ono, chosazungulira bwino n'komwe, chodzaza ndi mabatani.

Koma munthu ukaima ndi chinthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, umayamba kuchifunsa mafunso. Panali mzungu wina wachikulire, makaniko wopuma ntchito, amene ankabwera nthawi ndi nthawi kudzaipukuta ndi kusintha zomata zake. Ataona kuti ndikusuzumira pansi pake, anaseka n'kuyamba kundifotokozera. Anati mapikowo si oulukira ayi, ntchito yake ndi kupanikiza galimotoyo pansi kuti igwire msewu pa kona. Anati nzeru zenizeni zili kunsi kumene anthu saona, m'mene mphepo imadutsira, ndipo gulu lililonse limabisa kunsi kwa galimoto yake kuposa china chilichonse. Kenako analoza mpando.

"Mpando uwu amaumba pa thupi la munthu mmodzi. Amamukhazika, n'kuthira zoumbira kuzungulira msana wake. Wina akakhalapo umamupweteka."

Zimenezo zinandikhudza. Minibasi yanga ija inalinso ndi dzenje pa mpando limene linkadziwa ine ndekha.

Basi ndinagwa nayo m'chikondi. Mpikisano uliwonse umene gululo linkachita kumayiko ena, TV ija inkaubwereza sabata yonse, ndiye ndinkadziwa kona iliyonse kuposa alendo ovala masuti amene ankadutsa. Gululo linali ndi magalimoto awiri ofanana ndendende, madalaivala awiri. Mayina awo ankandivuta lilime, ndiye ndinkawatchula ndi zisoti zawo. Wa chisoti chofiira anali wamkulu, wodziwika, amene nkhope yake inali pa zikwangwani. Wa chisoti chachikasu anali wamng'ono, wosalankhulalankhula.

Chaka chimenecho galimotoyo inayamba moipa. Pa msewu wowongoka inkathamanga ndithu, koma ikafika pa liwiro lalikulu inkayamba kudumphadumpha, mutu wa dalaivala n'kumagwedera ngati wakwera ngolo. Inkadyanso matayala a kumbuyo msanga. Wamkulu uja ankakalipa pa wayilesi mpikisano uliwonse. Wachikasu sankadandaula. Ankaigwira mofatsa, kulowa nayo pa kona osaikakamiza, ndipo kumapeto matayala ake ankakhala akadali ndi moyo pamene a mnzake atheratu. Ndinkamuona dzanja lake n'kunena mumtima kuti uyu akanabwera kwathu, amayi a mazira akanamudikirira.

Ineyo sindinaleke kuvutitsa mudiru wa zamagalimoto pa hotelopo, bwana wa madalaivala onse. Ndikakumana naye pa khomo ndinkamuonetsa laisensi yanga ya ku Malawi mpaka anayamba kundithawa. Tsiku lina, kutentha kutafika pachimake, anatopa nane. Anandiitanira kumbuyo kwa hotelo, n'kundiponyera makiyi a basi ya antchito kuti ndiibweze chambuyo pakati pa magalimoto awiri. Ndinailowetsa kamodzi kokha.

"Khalasi, zatheka," anatero mudiru. "Malo alipo amodzi. Kampani ikutumiza kusukulu ya laisensi ya kuno, kenako uchoka ku sekyuriti."

Ndinafika kukampu ndikuimba nyimbo. A Mbewe anandimvetsera atakhala pa bedi lawo, akusisita mawondo. Sanaseke. Anandiuza kuti nditseke chitseko.

"Mphwanga, ukuona mawondo awa? Kuima tsiku lonse kwanditha. Chaka chamawa medikolo sindikhoza, andibweza kumudzi. Inetu ndinayendetsako lole ya fodya ku esiteti, ukudziwa. Iwe ukadali ndi magazi. Undilole ndilowe ine kaye. Ndikakhala m'kati, malo otsatira ndi ako, ndikukoka ndi dzanja langali."

Alonda a ku Kenya ndi a ku Nepal amene ndinawafotokozera pambuyo pake anati ndine wopusa. Mwina. Koma iwo sadziwa kuti nkhoswe ndi ndani. Munthu amene anagwada m'malo mwako pamaso pa akuchikazi, amene mkazi wako akakwiya amathawira kwa iye, ungamuyankhe kuti ayi ali chikhalire pa bedi lakelo akukupempha? M'mawa mwake ndinapita ndekha kwa mudiru kukamuuza kuti ayese malume anga kaye.

"Wewe, uli shuwa?" anandifunsa kawiri, akusakaniza zilankhulo monga mwa masiku onse. Ndinati inde.

A Mbewe analephera mayeso oyamba, n'kudzakhoza achiwiri. Anavula yunifolomu ya alonda, n'kuvala malaya oyera ndi tayi. Anasamukira ku nyumba ya madalaivala. Ine ndinabwerera pa zingwe zofiira.

Nthawi yomweyo gulu lija linakonza kunsi kwatsopano kwa galimoto yawo kuti isiye kudumpha. Mzungu uja anandiuza kuti anangokwanitsa kupanga kumodzi, ndiye anakuika pa galimoto ya wamkulu. Ngakhale zinali choncho, pa mpikisano wina wachikasu anapezeka ali patsogolo pa mnzakeyo ndi galimoto yake yakale yomweyo, akuyandikira malo olandira chikho, chinthu chimene anali asanachionepo. Kenako pa wayilesi panamveka mawu ofatsa a bwana wawo, akumuuza kuti apatuke, mnzake adutse, ndipo akalephera kugwira a kutsogolo amubwezera malo ake. Mnyamatayo anayankha kuti wamva. Anapatuka. Wamkulu anadutsa, sanagwire aliyense, ndipo sanabwezenso malowo. Anakwera pa nsanja n'kupopera anzake vinyo.

Kukampu anthu anatukwana. Ine ndekha ndinaikira kumbuyo gululo.

"Inu simudziwa ulemu," ndinkawauza. "Mwanayo wachita bwino. Akuluakulu aona, chaka chamawa amukumbukira."

Ndinkakangana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, osadziwa chifukwa chimene nkhani ya anthu osandidziwa inkandiwawa chonchi. TV ija inabwereza kupatukako sabata yonse, ine ndili chiimire pomwepo.

A Mbewe anayamba kusowa. Ndikawaimbira ankati ali pa dyute. Ndikawaona pa khomo la hotelo akutsitsa alendo, ankandikwezera dzanja n'kunena kuti, "Ndikulankhula nawo, mphwanga, osadandaula." Ndinkawakhulupirira. Mayi a Tadala akafunsa, ndinkati zatsala pang'ono.

Kutayamba kuzizira, mpikisano unafika ku Qatar komweko. Hotelo inadzaza ndi anthu a gulu lija, onse mu malaya ofanana, ndipo mabasi ankapita ku bwalo la mpikisano ndi kubwera osapuma. Ndinamva kuti dalaivala wina wasiya ntchito. Sindinadikire. Pa nthawi ya chakudya cha masana ndinathamangira ku ofesi ya mudiru.

Anandiyang'ana mwachisoni, n'kundiuza kuti ndikhale pansi, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Bwanji sunandiuze wekha za matenda ako?"

"Matenda ati, bwana?"

"Akugwa. Malume ako anandiuza. Anati unagwa kwanu, thovu kukamwa, anachita kukunyamula iye. Anati akukuopera, ungaphe anthu. Ndi munthu wabwino, analira polankhula. Sindingakupatse basi, habibi, m'bale wanga. Ndauzanso a kuofesi yaikulu."

Kugwa ndinagwadi, kamodzi pa moyo wanga wonse, Tadala ali wakhanda. Anali malungo aakulu amene anandikwera kumutu. Mayi a Tadala anathamangira kwa ankhoswe monga mkazi aliyense akanachitira, ndipo a Mbewe ndiwo anandikweza pa njinga kupita kuchipatala. Anali pomwepo dokotala akunena kuti ndi malungo chabe, akatha basi zatha. Tinagwirizana atatu kuti nkhaniyo isatuluke, chifukwa dalaivala akangomveka kuti anagwa, eni minibasi safunsanso kuti anagwa ndi chiyani. Chinsinsi chimene ndinasungitsa kwa nkhoswe wanga ndi chimene anatenga n'kukandiphera nacho.

"Nanga malowo mwapatsa ndani?" ndinafunsa.

"Mnyamata wina wa kwanu komweko. Wabwera kumene. Malume ako ndiye anamubweretsa."

Anali mkamwini wawo.

Ndinabwerera pa zingwe zanga. Madzulo a tsiku limenelo dalaivala wachikasu uja anadutsa pafupi nane, kamunthu kochepa thupi, kachikwama kumsana, popanda womutsatira. Anthu onse anali atathamangira wamkulu. Ndinafuna kumuuza kanthu, koma ndikanamuuza chiyani? Pa mpikisanowo matayala anavuta aliyense chifukwa cha makona othamanga a bwalolo, iye anawasunga monga mwa masiku onse n'kumaliza patsogolo pa mnzake. Nyengo ya mipikisano itatha, gululo linamuthokoza ndi mawu okoma n'kupereka mpando wake kwa wina.

A Mbewe ndinakumana nawo Lachisanu lina masana ku Corniche. Ndinawapeza atakhala pa benchi moyang'ana nyanja, akudya mtedza. Anandisunthira kuti ndikhale, koma ndinakana.

"Amalume, munauza mudiru kuti ndimagwa?"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anapukuta manja pa buluku.

"Kodi sunagwe?"

"Ndinagwa ndi malungo. Munalipo inu. Dokotala ankalankhula ndi inu."

"Ine si dokotala, mphwanga. Zinthu izi zimabwerera. Ukanachita aksidenti kuno, ukudziwa ndende zake? Ndakupulumutsa."

"Nanga mkamwini wanu?"

Pamenepo anayang'ana kumbali.

"Mwana wanga akuvutika kumudzi. Mwamuna wake anangokhala. Iwe ntchito uli nayo kale, ukudya. Iwenso ukadzakwatitsa Tadala udzamvetsa."

"Mukanangondipempha, amalume. Mukanati mphwanga, patukanso."

"Ukanavomera?"

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mwina ndikanavomera, ndipo iwo sanafune ngakhale kuyesa. Anaona kuti kunditchera msampha n'kosavuta kuposa kundipempha kawiri. Ndinawasiya pa benchipo. Ndikuchoka anandiitana kuti nditengeko mtedza.

Patapita masiku ochepa, anabwera kudzachotsa galimoto ija kuti akabweretse ya chaka chatsopano. Mzungu uja anafuna munthu wochepa thupi woti akhale m'kati kuwongolera pamene ena akukankha, ndiye anandikodola. Ndinavula nsapato n'kulowa. Mpandowo unandifinya m'chiuno, miyendo inakwera m'mwamba, ndinali ngati ndagona m'bafa. Ndinagwira chiwongolero chija chimene ndinachiyang'ana chaka chathunthu. Mabatani onse anali omata chabe, osadinika.

"Injini ili bwino?" ndinafunsa mwanthabwala.

Anaseka, n'kugogoda chivundikiro cha kumbuyo kwanga. Chinalira ngati chigubu chopanda madzi.

"Mulibe kanthu umu, mnzanga. Iyi ndi yoonetsa chabe. Sinapondepo msewu chiipangireni. Palibe anakuuza?"

Amuna anayi anandikankha kudutsa pa matailosi onyezimira, kutuluka pa khomo la magalasi, mpaka pa lole imene inkadikira panja. Alendo ankaomba m'manja. Pambali pa lolepo panali basi ya hotelo, ndipo pa windo lake panali mkamwini wa a Mbewe, akundijambula ndi foni. Kupatula basi ya mayeso ija, galimoto yokankhayo ndi yokhayo imene ndinayendetsa ku Qatar.

Kontirakiti itatha sindinaonjezere. Ndinauza mayi a Tadala kuti ndikubwera kudzayambiranso pa msewu wanga. Ndinkaganiza kuti bodza lija ndalisiya ku Doha.

Linali litanditsogolera. Akazi awo a a Mbewe anafunika kufotokozera abale chifukwa chimene mkamwini analowera ntchito imene aliyense ankadziwa kuti inali yanga, ndiye ananena zomwezo, kutchalitchi, kumaliro, kuchigayo. Ndinafika pakhomo n'kupeza achemwali anga akundiletsa kukhala pafupi ndi moto. Mayi anga anali atandisungira mizu ya kwa asing'anga. Mayi a Tadala okha ndi amene ankadziwa zoona, koma akatsutsa anthu ankati mkazi aliyense amabisira mwamuna wake. Usana wina ndinawapeza akulira kuseri kwa nyumba, akuti mwina akanathamangira kwa munthu wina tsiku lija. Ndinawauza kuti anathamangira koyenera. Masiku ano tikasemphana mawu timangokhala chete mpaka zitazizira zokha, chifukwa tilibenso woti n'kumuitana.

Kudepoti ndinapita kwa bwana amene ndinawayendetsera minibasi zaka zonse zija. Anandilandira bwino, anandigulira fanta.

"Achimwene, dzanja lanu ndimalidziwa," anatero. "Koma anthu akumva zimenezi, akakuonani pa sitelingi atsika onse. Pa khomo pokha ndingakuikeni."

Ndinapita kuchipatala kuti andiyeze, dokotala anati ndilibe vuto. Nditabwerera ndi zimenezi, bwanayo anagwedeza mutu n'kunena kuti vuto si dokotala, vuto ndi okwera. Eni minibasi ena onse ananena zomwezo.

Choncho ndine kondakitala. Dalaivala wanga ndi mnyamata amene ndinamusiya akutsuka magalimoto, amene amalowa pa kona ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Batire ikafa m'mawa amatulutsa mutu pa windo n'kukuwa kuti, "Madala, takankhani!" Ndimakankha.

Mwezi wathawu tikuchokera ku Lilongwe, nditaima pa khomo, ndinaona munthu pa siteji ya Namitete ali ndi chikwama cha matayala, malaya oyera, magalasi akuda. Anali a Mbewe, abwera ku holide, anenepa. Anakweza dzanja, kenako anandizindikira, nkhope yonse n'kuwala.

"Mphwanga!"

Dalaivala anayamba kuponda buleki. Mipando itatu inali yopanda anthu, wa kutsogolo womwe.

"Tiwatenge akuluwa?" anandifunsa.

Dzanja langa linali litayamba kale kukoka chitseko lokha, mawu akuti takulandirani amalume ali pamilomo. Ndinachibweza n'kumenya denga.

"Yadzaza. Tiye."

Ndinawayang'ana pa galasi la kumbuyo akucheperachepera, dzanja likadali m'mwamba. Ndinkayembekezera kuti mtima ukhala pansi, koma sunakhale. Mnyamata uja analowetsa giya molakwika, minibasi n'kukhosomola, ndipo phazi langa la kumanzere linaponda pansi lokha, kufunafuna kilatchi pamene panali thumba la anyezi la munthu wina.